Si Makina Anasintha Dzina Langa, Ndine

Pali nkhani imene yakhala ikuyenda mumpingo mwathu ndi m'misewu ya ku Nkhorongo, kuno ku Mzuzu. Ikuti ine, chifukwa cha ukalamba ndi kufooka kwa maso, ndinadina molakwika pa foni, dzina langa la pa tsamba la mchezo n'kusintha, ndipo pamene ndinafuna kulibweza makina anakana. Ena amaikometsera powonjeza kuti ndinalira. Mayi wina wogulitsa nthochi pafupi ndi chipata cha yunivesite anandifotokozera nkhaniyi ine mwini, osadziwa kuti mdala wa m'nkhaniyo ndi yemwe akusankha nthochi patsogolo pake. Ndinamumvetsera mpaka kumapeto, ndinatenga nthochi zanga, n'kunyamuka. Koma tsiku limenelo ndinatsimikiza mtima kulemba zimene zinachitikadi. Ndinaphunzira mpaka Fomu 4 pa nthawi imene anyamata ofika kumeneko kwathu ku Nkhata Bay ankalozedwa ndi chala akamadutsa, ndipo ndagwira ntchito ya ukalaliki mpaka kupuma. Munthu wotere sadina chinthu asanachiwerenge.

Mayina sindiwalemba pano, ngakhale kuti nkhani yonse ndi ya dzina. Otidziwa safunikira kuuzidwa, ndipo osatidziwa sataya kanthu. Ndalemba m'Chichewa, osati m'Chitonga cha kwathu kapena m'Chitumbuka cha mumzinda uno, kuti wina asadzanamizire kuti sanamve.

Pamene ndinakwatira mkazi wanga, iye anali kale ndi mwana wamkazi woyamba kumene kuyenda. Bambo womubereka mwanayo, mwamuna wa kumidzi ya ku Mzimba, anali atapita ku Joni mimba isanaoneke bwino, ndipo kuchokera kumeneko sanatumize bulangeti ngakhale moni. Akwawo sanapereke kalikonse kwa makolo a mkazi wanga. Zonsezi ndinazidziwa ndisanakwatire, palibe anandibisira, ndipo amene amanena kuti ndinapusitsidwa aleke.

Tinkachita lendi kanyumba ku Mzilawaingwe, kumeneko kukali madambo, nthochi ndi tinjira ta matope. Amene abwera mumzinda uno posachedwapa sadziwa kuzizira kwa Mzuzu wa masiku amenewo, mitengo isanathe, pamene nkhungu inkakhala pakhonde mpaka dzuwa litakwera. Chifuwa cha mwanayo sichinkagwirizana ndi nyengo imeneyo. Chaka chilichonse miyezi yozizira ikafika, ndinkamuika m'kati mwa jekete langa, n'kumanga mabatani pamwamba pake, mutu wokha uli kunja, n'kuyenda naye wapansi kupita kuchipatala ndisanalowe ntchito. Anamwino anatizolowera. Ndi iwo amene anayamba kunditcha ndi dzina la mwanayo, monga timachitira kuno, poika patsogolo pake mawu a Chitumbuka akuti awiske, ndiko kuti bambo ake a uje. Anansi anatolapo, akumpingo anatolapo, ndipo posapita nthawi ngakhale wogulitsa makala ankandiitana choncho ali patali. Palibe anandifunsa za magazi. Ankaona amene wanyamula mwana.

Patapita zaka tinabereka mwana wamwamuna. Alongo anga atabwera kuchokera kwathu kudzaona khanda, wamkulu anati, "Tsopano mwapeza dzina lanu lenileni, achimwene." Ndinamuyankha kuti dzina ndili nalo kale, ndipo khandalo lapeza mkulu wake m'nyumba, choncho likhale pamalo pake. Anakwiya kotero kuti pobwerera anatenganso theka la usipa umene anatibweretsera. Ndikutchula zimenezi chifukwa pali onena kuti mwanayu ndinayamba kumuwerengera atalandira digiri.

Ku Nkhorongo tinasamukira kukali tchire. Anzanga akuntchito ankandiseka kuti ndagula malo kwa anyani. Mwana wamkaziyo, ali ku pulayimale, ankatunga madzi oumbira njerwa ndi kachidebe kake, ndipo chipinda chake anachisankha yekha maziko okha ali pansi. Kenako sukulu ya aphunzitsi imene inali pafupi nafe inasanduka yunivesite, ndipo mzinda unatitsatira kutchire kwathuko. Pamene panali minda ya chinangwa panamera mahositelo. Anansi akale anagulitsa malo n'kupita kutali, m'malo mwawo n'kubwera ophunzira ndi aphunzitsi awo, anthu aulemu ndithu koma osadziwa mwana wa munthu aliyense. Kwa iwo ndinali adala, kapena alandilodi, popeza nanenso ndinamanga tizipinda kuseri kwa nyumba. Dzina lija linayamba kumveka mwa apo ndi apo, kumaliro ndi pakamwa pa okalamba anzanga. Sindinadandaule, chifukwa panalibe amene ankalilanda. Linali kungopuma.

Mwanayo atakula anasankhidwa kupita ku yunivesite yomweyo, ndipo ankayenda wapansi kuchokera pakhomo pano, mvula kapena dzuwa. Pa tsiku lolandira digiri tinajambulitsa chithunzi: iye pakati ndi mkanjo wake, mayi ake mbali ina, ine mbali inayo, dzanja langa lili paphewa pake. Tinachiika m'galasi n'kuchipachika pabalaza.

Tsamba la mchezo ananditsegulira ndi mwana wanga wamwamuna atayamba ntchito ku Lilongwe, kuti tizionetsana zithunzi. Analembapo dzina langa lonse monga lilili pa satifiketi, ndipo sindinaone cholakwika. Ndi dzina labwino, la bambo anga, ndipo ndalisaina moyo wanga wonse popanda manyazi.

Mwana wamkaziyo atayamba kuphunzitsa pa sekondale ina mumzinda momwemuno, anapeza mnyamata, mphunzitsi mnzake, munthu wodekha amene ndilibe naye mlandu. Akwawo kwa mnyamatayo anatuma thenga, mkhalapakati wa nkhani za ukwati. Anasankha mkulu wa mumpingo mwathu, mwini sitolo ya simenti ndi malata, munthu amene angakugulitseni khasu lopanda mpini inu n'kumuthokoza. Mumukumbukire, chifukwa bodza limene ndikutsutsa linatuluka m'kamwa mwake.

Mbiri ya ukwati imayenda msanga. Posakhalitsa tinalandira mlendo: mlongo wake wa bambo womubereka uja. Mwa mwambo wa kuno mwana amatcha mayi wotere ankhazi, ndipo mawu a ankhazi pa ukwati wa mwana wa mchimwene wawo ndi olemera kuposa a mayi wobereka. Mayiyu, monga ndinadzamva pambuyo pake, wakhala ku Kaning'ina zaka zonsezi. Kuchokera ku Kaning'ina kufika ku Mzilawaingwe si ulendo wofuna kamba. Pamene mwana ankatsokomola m'jekete langa, iye anali tsidya lina la mzinda womwewu. Koma njira anaiona digiri itabwera.

Anali atapita kale kwa alamu anga, alongo a mkazi wanga, kukawombola mwana, ndiko kupereka chimene chinayenera kuperekedwa kalekale kuti mwana awerengedwe wa kwa bambo ake. Alamu anga analandira. Bambo womubereka uja nayenso anali atabwerako ku Joni, wowonda, akuyenda ndi ndodo. Mwambo umalola zonsezi, ndipo sindikuutsutsa. Unalola kuti malowolo apite ku Mzimba, ndipo anapita. Pano ndiyenera kuwongola bodza lina laling'ono, lakuti ndinapsa mtima chifukwa cha ng'ombe. Ng'ombe ndikanaziika pati ku Nkhorongo, pakati pa mahositelo? Zikanadya zovala za ophunzira pachingwe? Ndinauza alamu anga poyera kuti ng'ombe zipite kumene kuli msipu.

Chimene chinandilasa chinachitika pabalaza langa, pamipando yanga, tsiku limene mabanja awiri anakumana. Ankhazi anaimirira kudziwitsa akuchimuna anthu a mbali ya mkwatibwi. Anayamba ndi mchimwene wawo, n'kutchula amalume, n'kutchula mayi a mwana. Atafika pa ine anawerama pang'ono, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Awa ndi amene anatisungira mwana. Yewo chomene, adada, mwasunga makora."

Ndiko kuti zikomo kwambiri, bambo, mwasunga bwino. Anthu onse anawomba nawo m'manja, poganiza kuti ndalemekezedwa. Koma taganizani mawuwo. Timasungira mnzathu njinga akapita kumudzi. Timasungira mnansi mbuzi, kapena thumba la chimanga, mwiniwake akabwera n'kutenga, ife n'kulandira zikomo. Ine sindinasungire munthu aliyense mwana. Ndinalera mwana wanga. Komabe ndinameza, popeza m'nyumba munali alendo.

Patapita masiku angapo mayiyo anaika chithunzi pa tsamba lake. Anali atandipempha ubwenzi pa tsambapo, ine n'kuvomera mwaulemu, choncho ndinachiona. Chinali chithunzi chathu cha digiri chija, chimene anachijambula ndi foni yake chili pakhoma langa. Ine anandidula. Paphewa pa mwana panatsala zala zanga zokha. Pansi pake analemba kuti anthu aone chipatso cha mchimwene wake. Ndipo anthu anabwera, a ku Mzimba, a ku Joni, ngakhale ena a mumzinda muno. "Yewo, awiske uje, mwaphunzitsa mwana." Wina: "Awiske uje, Chiuta akudalitseni, kuphunzitsa mwana wamkazi si masewera." Mauthenga anatsika mpaka chala kutopa, onse akutchula dzina lija, dzina limene anamwino anandipatsa, ndipo onse akulipereka kwa munthu wosadziwa ngakhale chipata cha pulayimale imene mwanayo anaphunzirako.

Tsopano mverani mmene ndinasinthira, chifukwa apa ndi pamene onama amanena kuti chala chinaterereka. Unali m'mawa. Ndinali nditasamba, nditamwa tiyi, ndipo ndinakhala pakhonde magalasi ali kumaso. Panalibe mdzukulu pambali panga, panalibe wophunzira wa kuseri, ndipo mowa ndinasiya ndisanakwatire. Ndinafufuza ndekha malo osinthira dzina mpaka ndinawapeza. Ndinafafaniza dzina la pa satifiketi. M'bokosi loyamba ndinalemba Awiske, m'bokosi lachiwiri dzina la mwana wanga. Makinawo anandikumbutsa kuti munthu ayenera kulemba dzina limene anthu amamutcha pa moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo ndinaona kuti amene anawapanga anali anthu oganiza. Kenako anandichenjeza momveka bwino kuti ndikasintha, sindidzathanso kusintha kwa miyezi ngati iwiri. Chenjezolo ndinaliwerenga, n'kuliwerenganso. Ndinkadziwa kuti ukwati uli m'kati mwa miyezi imeneyo. Anandifunsa mawu anga achinsinsi, ndinawalemba, n'kudina.

Nditatero ndinabwerera pa chithunzi chija. Aliyense amene anathokoza awiske a mwanayo ndinamuyankha mawu amodzi okha: Yewo. Ndinayamba ndi wapamwamba n'kumalizira wapansi, osadumpha ngakhale mmodzi, chifukwa ndinaleredwa kuti munthu akakuthokoza umayankha. Pansi pa uthenga uliwonse panaoneka dzina langa latsopano ndi nkhope yanga.

Woyamba kuimba foni anali mwana wanga wa ku Lilongwe.

"Adada, akuberani tsamba?"

"Palibe wandibera. Ndine."

Anaseka mpaka kutsamwa. "Nanga ine, adada? Ine dzina langa silikwana m'bokosimo?"

"Iwe ukadzakhala woyamba kubadwa udzandiuze."

"Ankhazi aja akudyani wamoyo."

"Abwere ndi mchere wawo," ndinatero.

Anabweradi, dzuwa lisanapendeke. Anatsika pa kabaza pachipata changa atamanga chitenje cholimba m'chiuno, ndipo moni sanapereke. Mkazi wanga anawalowetsa pabalaza, n'kutuma mawu kwa thenga mwachinsinsi kuti abwere msanga.

"Kodi mwana ameneyu ali ndi abambo angati?" anafunsa ankhazi asanakhale n'komwe pansi.

"Amene ndikumudziwa ine ndi mmodzi, amama. Winayo ndamuona mwezi uno."

"Tinawombola! Alamu anu analandira ndi manja awiri!"

"Munawombola kwa alamu anga. Kwa ine simunawombole kanthu, chifukwa ndinalibe chogulitsa."

"Mwatichititsa manyazi pamaso pa dziko. Ku Joni akutiseka. Wina wandifunsa ngati mchimwene wanga wasintha nkhope. Chotsani dzinalo lero lomwe. Mukapanda kutero ukwati kulibe. Mchimwene wanga sapereka mwana, ndipo malowolo tibweza kumene anachokera."

Amene sadziwa za kuno angaganize kuti kunali kuopseza chabe. Sikunali. Mwana atawomboledwa, mphamvu imeneyo anali nayodi, ndipo malowolo akabwezedwa akuchimuna sabwereranso pakhomo pomwepo.

Thenga analowa akupuma mofulumira, fumbi la simenti lili m'nsapato. Anapereka moni kwa aliyense payekhapayekha, motalikitsa, kuti mitima itsike. Kenako anapempha foni yanga. Ndinamupatsa, popeza ndinalibe chobisa. Anapita pamalo osinthira dzina, ndipo makina anamuuza zimene anandiuza ine m'mawa: kuti nthawi yosinthanso sinakwane. Ndinaona nkhope yake ikuwala ngati munthu amene watola chinthu pamsewu.

"Amama, taonani nokha," anatero akuwaonetsa ankhazi foniyo. "Makina akana. Adada athuwa ndi achikulire, maso afooka. Amafuna kulembera mwana mafuno abwino, chala n'kuterereka n'kugwera m'bokosi la dzina. Mafoniwa ngakhale ine amandipusitsa. Tsopano ngakhale atalira, makina satsegula mpaka miyezi iwiri. Ukwati udutse, makina akadzatseguka tidzakonza."

"Nanga ma yewo onse aja?" anafunsa ankhazi.

"Aa, amama, zimenezo mukadina kamodzi zimangotuluka zokha, ngati mpopi wakutha."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti yewo aliyense ndinamulemba ndi chala changa. Pomwepo dzanja la mkazi wanga linatera pabondo langa, zikhadabo n'kulowa kupyola thalauza. Sanandiyang'ane. Anayang'ana kukhomo la kukhitchini, ine n'kuyang'ananso komweko. Mwana wathu anali ataima pamenepo, atangofika kuchokera kuntchito, makope a ophunzira ake ali pachifuwa. Ndinatseka pakamwa.

Umenewo ndiwo muzu wa nkhani ya mdala wodina molakwika. Ndikufuna zidziwike kuti sindinavomereze. Ndinangokhala chete, ndipo kusiyana kwa zinthu ziwirizi n'kwakukulu. Ankhazi anachoka akung'ung'udza kuti okalamba asamapatsidwe mafoni, ngakhale kuti iwo ndi ine tinabadwa nyengo imodzi. Alendo atapita, mkazi wanga anandiuza kuti, "Mwana akwatiwe kaye. Akakwatiwa, mudzalimbane ndi dziko lonse, ine ndidzakusungirani jekete."

Masabata otsatira anali owawa kuposa mawu a ankhazi. Thenga anafalitsa bodza lakelo mwakhama, kuti lifike ku Mzimba ndi ku Joni. Kutchalitchi anthu ankandigwira dzanja mwachifundo. Mnyamata wa kwaya anadzipereka kuti azindiwerengera mauthenga. Mayi wina anandilangiza za chipatala cha maso. Ine, amene ndinkapeza zolakwa m'malipoti a mabwana anga, ndinayenda mumzinda uno ngati chitsiru chovomerezeka, ndipo ndinapirira chifukwa cha mwana.

Ukwati unachitika. Amene anayenda ndi mkwatibwi kupita naye kuguwa anali bambo womubereka, ndodo kudzanja lina, mwana kudzanja lina. Ine ndinakhala pa benchi yachiwiri. Amene amanena kuti ndinatuluka m'tchalitchi akunama. Ndinakhala mpaka nyimbo yomaliza, ndipo ndinaimba.

Kuholo ya madyerero ndinatuluka panja pang'ono kuthawa phokoso la zimkuzamawu, ndipo ndinamupeza bambo womubereka uja atakhala pakhoma lalifupi, akupumitsa mwendo. Tinali tisanalankhulanepo awiriwiri. Anasuntha kuti ndikhale.

"Ada," anatero, "ine za mafonizi sindizidziwa. Ndi mlongo wanga."

Ndinati ndamva.

Kenako anafunsa, "Kodi ali mwana ankakonda kudya chiyani?"

Ndinamuuza kuti mbatata yootcha, ndi kuti ankaopa nkhuku mpaka atayamba sukulu. Anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi mpango. Munthu ameneyu ndilibe naye chidani, ndipo sindinalembe izi kuti ndimunyoze. Anabereka, ndipo zimenezo palibe angamulande. Koma funso limene anafunsalo anafunsa ine, chifukwa panalibe mwamuna wina woti n'kuliyankha.

Ankhazi anali akuwerenga masiku. Nthawi ya makina itangokwana anaimba foni.

"Mwatandala uli, adada? Makina aja atseguka. Ngati maso akuvuta, ndituma mwana adzakuthandizeni."

"Maso anga ali bwino, amama, ndipo anali bwino tsiku lijanso. Makina sanandikakamize kanthu. Ndinalemba ndine, ndinawerenga chenjezo ndine, ndinadina ndine. Ma yewo aja ndinawalemba limodzilimodzi."

"Ndiye thenga anatinamiza?"

"Zimenezo mufunse thenga."

Anadula foni. Madzulo ake thenga anabwera kudzandidandaulira kuti ndagwetsa nyumba imene iye anamanga ndi thukuta. Ndinamuthokoza chifukwa cha ukwati, umene anaupulumutsadi, koma ndinamuuza kuti njerwa zimene anamangira zinali ulemu wanga, ndipo tsopano ndikuzifuna.

Loweruka lotsatira mwana wanga anabwera yekha, mwamuna wake atamusiya kunyumba. Anandipeza kuseri ndikumangirira nthambi za mapeyala. Anagwada n'kupereka moni monga mwa nthawi zonse, kenako tinakhala pakhonde. Mayi ake anapeza chochita kukhitchini, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

"Adada, ankhazi andituma."

"Ndikudziwa."

"Akuti dzina likapanda kuchoka, pakhomo panga sadzapondapo. Akuti ndikadzakhala ndi mwana, asadzaitanidwe. Akuti ndisankhe."

Apa ndi pamene ndinachita mantha, ndipo sindibisa. Ankhazi sindinkawaopa, thenga sindinkamuopa, koma mwanayu akanati chotsani, ndikanatsala wopanda poima. Ndinatulutsa foni, n'kutsegula ndekha malo osinthira dzina, n'kumupatsa m'manja.

"Dzinali lili ndi mbali ziwiri," ndinatero. "Yoyambayo ndi yanga, ndipo sindiichotsa ngakhale atabwera a ku Mzimba onse. Yachiwiriyo ndi yako. Ngati ikukulemera, ifafanize wekha. Sindidzakuimba mlandu."

Anayang'ana foniyo nthawi yaitali. Kuseri ophunzira ankachapa akuimba nyimbo zawo, ndipo ine ndinkamva madzi akukhavukira m'beseni ngati ali m'khutu mwanga.

"Mukanandifunsa kaye, adada. Dzinali ndi langa. Ndinaliona kusukulu, anzanga atandionetsa pa foni."

"Iwe unandifunsa? Tsiku limene unayamba kunditcha adada ndinali ndisanapereke ngakhale nkhuku kwa agogo ako. Ndinangobwera kudzacheza ndi mayi ako, iwe n'kugwira mwendo wa thalauza langa n'kuitana. Anthu onse anachita manyazi kupatula iwe. Sunapemphe chilolezo kwa munthu."

"Ndinali khanda!"

"Ndiye ine ndine nkhalamba. Tafanana."

Anayesa kudziletsa, koma kuseka kunamupambana, ndipo kukhitchini nako kunamveka kutsokomola kwa munthu wobisa chiseko. Kenako nkhope yake inakhalanso bata. Anadina kobwerera m'mbuyo, osakhudza bokosi lililonse, n'kuika foniyo pabondo langa.

"Ankhazi ndikawayankha ndekha," anatero. "Akafuna kubwera kwanga, khomo ndi lotsegula. Akapanda kufuna, zaka zonse zija ndinakula osawaona, sindinafe. Koma adada, musiye kuyankha anthu yewo, yewo. Kusukulu aphunzitsi anzanga akandiona amangoti yewo."

"Zimenezo sindikulonjeza."

"Adada!"

"Akasiya kundithokoza, ndisiya kuyankha."

Ankhazi anasunga mawu awo. Pakhomo pa mwanayo sanapondepo mpaka lero, ndipo tikakumana kumaliro amayang'ana kumitengo. Ndikudziwa kuti zimenezi zimamupweteka mwana wanga kuposa mmene amaonetsera, chifukwa munthu aliyense amafuna abale, ngakhale obwera mochedwa. Mchimwene wawo yekha amabwera mwa kamodzikamodzi akabwera kuchipatala mumzinda muno, ndipo mwanayo amamuphikira n'kumuperekeza kokwerera minibasi. Ine ndimamulimbikitsa kutero.

Thenga wandipemphanso kawiri kuti nkhani ya chala choterereka ndiisiye mmene ilili, popeza, akuti, siipweteka munthu ndipo imasunga mtendere. Imapweteka ine. Imanena kuti kukhala bambo wa mwana ameneyu inali ngozi, chinthu chimene munthu amagweramo maso akafooka. Ndinamuyankha kuti mtendere wotere ausunge m'sitolo mwake pamodzi ndi malata. Amene akufuna kudziwa dzina langa atsegule tsambalo awerenge. Ndinalilemba ndili maso, mwini wake analiona n'kulisiya, ndipo silichoka.